Kabuku ka mkwiyo ka mphwanga, ndi mmene ndinatsala pang'ono kuwononga chithandizo chake

Ndine kalipentala, ndimakhoma masofa ndi makabati ku Glen View, ndipo ndimakhala ku Mufakose mumzinda wa Harare. Bambo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'minda ya fodya, koma ife tinabadwira kuno, tikuyankhula Chichewa kunyumba ndi kutchalitchi cha CCAP, Chishona panjira ndi pantchito. Mlongo wanga anamwalira mu Julaye 2021 pa nthawi imene mliri wa Covid-19 unafika povuta, nasiya mwana wamwamuna wa zaka 12. Bambo a mwanayo anali atapita kale ku Johannesburg osatumiza ngakhale uthenga, choncho ine monga malume wake komanso mwinimbumba ndinamutenga. Sindimutchula dzina, chifukwa wandilola kufotokoza nkhaniyi koma osati kumuonetsa kwa anthu.

Chaka choyamba mphwanga anali mwana wachete, moti anthu ankatiyamikira kuti talandira mwana waulemu. Atalowa Fomu 1 mu 2022 zinthu zinayamba kusintha. Ankamenyetsa zitseko, anaphwanya foni ya akazi anga pakhoma chifukwa chouzidwa kuti atsuke mbale, ndipo tsiku lina anamenya mwana wanga wamng'ono mpaka kumutulutsa magazi m'mphuno pa nkhani ya mpira. Yankho langa linali lamba. Ndinkadziuza kuti kuwongola mtengo mpoyamba, ndiponso kuti ife tinakula ndi chikoti koma sitinafe. Chimene sindinkaona n'chakuti ndikamukwapula ankakhala phee masiku atatu kapena anayi, kenaka ankaphulika moposa poyamba. Zaka ziwiri zathunthu ndinazitaya m'njira imeneyi.

Mu 2023 ndinayamba kukayikira kuti akusuta. Aliyense wokhala m'malokeshoni a Harare akudziwa zimene guka, mankhwala ozunguza bongo amenenso amamutcha mutoriro, wachita kwa anyamata athu, osanenanso chamba ndi mankhwala a chifuwa a BronCleer. Ndinagudubuza chikwama chake iye akuona, ndinang'amba matiresi ake, ndipo ndinamukokera kukayezetsa mkodzo pa mtengo wa madola 15. Sanapezeke ndi kanthu. Kufufuza ngati mwana akugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo sikulakwa, ndipo mlangizi amene tinakumana naye pambuyo pake anafunsanso funso lomwelo, koma ine ndinachita ngati wapolisi wogwira mbala, ndipo kuyambira tsiku limenelo mnyamatayo analeka kundiuza chilichonse. Tinapemphanso akulu a mpingo kuti adzapemphere naye. Mapemphero anatilimbitsa mtima ife akuluakulu, koma iye ankakhala pakati pa bwalo la anthu oimba atazolika, akudziona ngati wolakwa amene wabweretsedwa pamlandu.

Chimene chinatikakamiza kufuna chithandizo chenicheni chinachitika mu Malichi 2024, ali Fomu 3. Anamenya mnzake wa m'kalasi ndi mpando n'kumuthyola dzino lakutsogolo. Makolo a mwana uja anafuna kupita kupolisi, ndipo anabwerera pokhapokha nditavomera kulipira dokotala wa mano madola 180. Aphunzitsi aakulu anamuimitsa sukulu masabata awiri, nandiuza kuti popeza lamulo la maphunziro la 2020 linaletsa kukwapula ana m'sukulu, iwo sangachite zimene ine ndinkayembekeza, ndipo mwanayo abwerera pokhapokha ndikalonjeza kuti ayamba kuonana ndi mlangizi wa za maganizo. Ndinalonjeza ndi pakamwa pokha, mumtima ndikuganiza kuti manyazi a nkhaniyi amukwanira.

Sanamukwanire, ndipo patapita mwezi anakankha akazi anga mpaka kugwera pa mbaula. Apa mpamene ndinayamba kuyenda. Ndinayambira pakiliniki ya kwathu, pomwe pali agogo a Friendship Bench, ntchito imene inayambitsidwa ndi Dr Dixon Chibanda ku Mbare mu 2006, ya amayi achikulire ophunzitsidwa kumvetsera mavuto a anthu atakhala nawo pa benchi popanda malipiro. Agogo aja anandimvetsera pafupifupi ola lonse, nandiuza mosabisa kuti vuto la mwana womenya anthu likufunika katswiri wodziwa za ana, komanso kuti ineyo ndinali ndi chimene Ashona amachitcha kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopitirira muyeso. Mbali yachiwiriyo sindinaisamale. Pachipatala china chachikulu anatipatsa tsiku la masabata 7 kutsogolo, ndipo ndinaona kuti sitingadikire. Mayi wina wa kutchalitchi anatilozera kwa katswiri wa za maganizo wogwira ntchito payekha m'tauni, amene ankalipiritsa madola 40 pa ulendo umodzi koma atamva za ntchito yanga anatsitsa kufika pa 25. Tinayamba mu Juni, miyezi itatu chichitikireni ngozi ya dzino ija, ndipo theka la kuchedwako linali langa. Ndikanadziwa, ndikanaimba nambala yaulere ya Childline ya 116 sabata yoyamba yomwe kuti andiuze kopita, m'malo mofunsa kwa anzanga a ku shedi amene nzeru yawo inali yofanana ndi yanga.

Mlangiziyo anali mayi wachishona, ndipo ankanditcha sekuru monga mmene iwo amatchulira malume. Maulendo awiri oyamba mphwanga sananene mawu opitirira khumi, ndipo ine ndinkawerengera mumtima kuti madola 50 apita pachabe. Mayiyo sanakakamize. Pa ulendo wachitatu anatiitana tonse awiri n'kutifotokozera kuti cholinga sichinali kuchotsa mkwiyo, chifukwa munthu aliyense amakwiya, koma kuphunzitsa mnyamatayo kuona mkwiyo ukubwera nthawi ikadalipo. Anati kumenya munthu kumaoneka ngati kwangochitika mwadzidzidzi, koma kumakhala ndi ndondomeko yake: pamakhala chimene chachitika, pamabwera mawu amene munthu amadziuza mumtima za chinthucho, thupi limayamba kusintha, kenaka dzanja limanyamuka, ndipo pamapeto pamabwera zotsatira. Anawonjezera kuti mbali yakutsogolo ya ubongo, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira za mawa, imapitiriza kukhwima mpaka cha m'ma zaka 25, choncho mnyamata wa zaka 15 ali ndi mphamvu za munthu wamkulu koma mabuleki ake sanamalizike. Nditafunsa mokayikira ngati njirayi anaipeka yekha, anaseka n'kundiuza kuti inachokera ku ntchito ya katswiri wa ku America Raymond Novaco m'zaka za m'ma 1970, ndipo ena monga Eva Feindler ndi Arnold Goldstein anaikonza kuti igwire ntchito kwa achinyamata.

Chida chachikulu chinali kope wamba la sukulu. Mayiyo anajambula mizere pa tsamba loyamba, ndipo nthawi iliyonse imene mphwanga wakwiya ankayenera kulemba tsiku ndi nthawi, malo, munthu amene anali naye, chimene chinachitika, mawu amene anadziuza mumtima, zimene anamva m'thupi, kukula kwa mkwiyowo pa mlingo wa 0 mpaka 10, chimene anachita, ndi zimene zinatsatira. Anatsindika kuti alembe ngakhale timikwiyo ting'onoting'ono ta pa 2 kapena pa 3, komanso nthawi zimene anakwiya koma osachita choipa, chifukwa m'menemo ndi mmene mumapezeka njira zimene mwanayo ali nazo kale. Anamulola kulemba m'chiyankhulo chilichonse, ngakhale kutukwana. Kenaka anatembenukira kwa ine nanena momveka bwino kuti: "Sekuru, kabuku aka ndi kake. Inu simukatsegula, ndipo simufunsa zomwe zalembedwamo." Ndinavomera.

Kwa masabata atatu ndinasunga lonjezolo, ndipo mnyamatayo anayamba kulemba, poyamba mizere iwiri m'kombi tikupita kwa mlangizi, kenaka madzulo aliwonse. Sabata yachinayi ndinapeza kabukuko pansi pa pilo iye ali kusukulu. Ndinadziuza kuti ndine amene ndikulipira, kuti m'nyumba mwanga mulibe chinsinsi cha mwana, ndipo ndinakatsegula. Munali mawu a Chishona ndi Chingerezi osakanikirana, koma liwu limodzi la Chichewa linkabwera mobwerezabwereza pa mzere wa munthu amene anali naye: amalume. Pa mzere wa zimene anadziuza mumtima analemba kuti ndimamudyetsa monyinyirika, kuti ndimakonda ana anga okha, ndi mawu ena otukwana amene sindingawabwereze. Madzulo amenewo magetsi anali atazima monga mwa masiku onse a chaka chimenecho, akazi anga akuphika pa moto wa nkhuni panja. Ndinadikira kuti tikhale pa nsima, ndipo pamaso pa banja lonse ndinaponya kabukuko patebulo n'kumufunsa ngati awa ndiwo malipiro a nsima yanga. Sanayankhe. Anatola kabukuko, anatuluka, anakaponya pamoto, ndipo pobwerera anamenya chitseko cha kabati ndi chibakera mpaka dzanja linatupa ngati mkate. Mawa lake ndinalipira madola 30 kuti ajambule dzanjalo, ndipo mwamwayi fupa silinathyoke.

Masabata asanu otsatira anakana kupita kwa mlangizi. Maulendo awiri ndinalipira popanda woonedwa chifukwa sindinadziwitse mayiyo pa nthawi yake, poyembekeza kuti ndimukoka mwanayo ndi mphamvu. Ulendo wachitatu ndinapita ndekha kukadandaula. Mayiyo anandisiya ndiyankhule mpaka nditatopa, kenaka anandifunsa kuti m'kabukumo ndinawerenga manambala anji pa mlingo wa mkwiyo, ndiponso kuti mwanayo anachita chiyani pa nthawi zimene analemba za ine. Sindinathe kuyankha, chifukwa ndinawerenga zotukwana zokha. Iye anandiuza kuti m'masabata atatu aja mnyamatayo sanamenye munthu ngakhale kamodzi, kuti mawu amene ndinawaona ngati chipongwe anali mkwiyo umene unapita pa pepala m'malo mopita pa nkhope ya mwana wanga, ndipo kuti ndinamulanga chifukwa chochita zimene tinamupempha. Atatero anatulutsa kope lina latsopano, najambula mizere yomwe ija, nandipatsa ine.

Ndinanyansidwa. Ndinali ndi zaka 48, ndine mtsogoleri wa mlaga kutchalitchi, ndipo sindinadzione ngati munthu wofunika kulemba mkwiyo wake m'kope la sukulu. Komabe ndinalemba, mwina pofuna kumuonetsa mayiyo kuti kope langa lidzakhala lopanda kanthu. Pa masabata awiri ndinalemba maulendo 11, ndipo 7 mwa amenewo anali pakati pa 6 koloko ndi 8 koloko madzulo, nditangolowa m'nyumba ndili ndi njala, kawirikawiri pa tsiku limene kasitomala watenga sofa osamaliza kulipira. Ndinazindikira kuti chizindikiro changa ndi kukukuta mano, ndipo liwu loyamba kutuluka limakhala lakuti "iwe". Ndinaonanso chinthu chimene chinandichititsa manyazi: ana anga akalakwa ndinkafika pa 4, koma mphwanga akalakwa chinthu chofanana ndinkafika pa 7, chifukwa mumtima ndinkadziuza kuti ndi wosayamika. Zimene analemba zija sizinali zabodza kwenikweni.

Kupepesa kwa mwana si chinthu chimene mwamuna wa msinkhu wanga anachiona kwa bambo ake, ndipo zinanditengera masiku anayi. Ndinamupeza akupukuta nsapato kuseri kwa nyumba, ndinakhala pa njerwa, ndinamuonetsa kope langa n'kumuuza kuti: "Mphwanga, ndinalakwa kutsegula kabuku kako. Langa ndi ili, ukafuna werenga." Anawerenga tsamba limodzi, anandiyang'ana, nati: "Amalume, inunso mumafika pa 8?" Sanakhululuke tsiku lomwelo, koma sukulu zitatsegulidwa mu Sepitembala anavomera kubwerera kwa mlangizi. Ndinamugulira kabuku kena pamodzi ndi kabokosi ka loko komwe ndinakhoma ndekha, ndipo makiyi onse awiri ndinamupatsa.

Patapita masabata asanu ndi limodzi iye mwini anapempha kuti ndilowe nawo m'chipinda cha mlangizi kuti andiuze zimene apeza. Pa maulendo 23 amene analemba, ambiri a kusukulu anachitika pakati pa 11 koloko ndi 1 koloko, makamaka masiku amene ananyamuka osadya kanthu pothamangira kombi. Ena anayamba ndi mawu a anzake omutcha mubhurandaya, dzina lonyozera anthu ochokera ku Malawi, kapena omuseka kuti alibe mutupo, kutanthauza chiwongo cha mtundu, mawu amene ife ana a anthu ochokera ku Malawi tawamva kuyambira ubwana wathu mpaka tinaleka kuwamva kuwawa. Ndinadziwa tsiku limenelo kuti mnyamata wa dzino uja ananena chipongwe chotere chokhudza malemu mayi ake, zomwe palibe anandiuza mu Malichi chifukwa palibe anamufunsa. Pa mzere wa zimene ankadziuza, mawu amodzi ankabwera pafupifupi paliponse, akuti "akundiseka" kapena "wachita dala". Mlangizi anafotokoza kuti ana ambiri aukali amatanthauzira chilichonse chosadziwika bwino ngati chipongwe chadala, moti munthu akawagunda pakhomo la kalasi saganiza n'komwe kuti mwina anakankhidwa ndi wina kumbuyo. Ntchito ya masabata angapo inali yomuphunzitsa kupeza zifukwa zina ziwiri za chochitika chilichonse asanasankhe choipitsitsa.

M'thupi, zizindikiro zake zinali makutu kutentha, kupuma mofulumira ndi manja kufumbata okha, ndipo zinkayamba ali pa 4 kapena pa 5. Mayiyo ankabwereza kuti njira zonse zodziziziritsira zimagwira ntchito pamenepo, chifukwa munthu akafika pa 8 sakumvanso za wina aliyense. Anamuphunzitsa kupuma pang'onopang'ono potulutsa mpweya nthawi yotalikirapo kuposa pokoka, kuwerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pa 20, ndi kudziuza mawu afupiafupi amene anasankha yekha. Analembanso kalata kwa aphunzitsi a kalasi kuti amulole kutuluka mphindi zisanu akakweza kakhadi kena, popanda kufunsidwa mafunso pamaso pa anzake. Chimene chinandivuta kuvomereza ndi masewero oyeserera, pomwe mayiyo ankamunena mawu enieni a chipongwe aja kuti iye ayesere kuyankha ndi mawu olimba koma osatukwana kapena kumenya. Ndinaona ngati kumuputa dala, koma ndi m'chipinda chimenecho mmene anaphunzira kunena kuti "usatchule mayi anga" ali chilili, manja ali pansi. Ine ndinapereka nzeru yakuti ndimupachikire thumba la mchenga kuti azilimenya akakwiya. Mayiyo anakana, nati kumenya zinthu uli wokwiya sikuchotsa mkwiyo koma kumazoloweretsa thupi kuti mkwiyo umatha ndi chibakera, ndipo masewera olimbitsa thupi ndi abwino pa nthawi zina osati monga yankho la kupsa mtima.

Kunyumba tinapangana kuti aliyense wa ife akanena kuti "ndili pa 6", nkhani iime kwa mphindi 20, koma wotulukayo ayenera kubwerera kudzaimaliza tsiku lomwelo. Mbali yovuta inali yanga, chifukwa mwana kukutembenukira msana uli pakati poyankhula ndi mwano m'makutu mwa Mchewa aliyense, ndipo kawiri konse ndinamutsatira panja ndikukalipa, n'kuwononga pangano. Akazi anga ndi amene ankandigwira malaya. Tinasinthanso zinthu zazing'ono zimene kabukuko kanatilozera: phala m'mawa asananyamuke, ndipo ine ndikafika madzulo ndiyambe ndasamba ndi kudya ndisanafunse za sukulu.

Chinthu chomaliza chimene kabukuko kanavumbula sindinachiyembekezere. Mlangizi anaona kuti manambala ankakwera mnyamatayo akamva za maliro m'dera lathu kapena akaona anzake akuperekezedwa ndi amayi awo pa tsiku lokaona zotsatira za mayeso. Pa nthawi imene mlongo wanga anamwalira, boma linkalola anthu 30 okha pamaliro, ndipo ife akuluakulu tinagwirizana kuti mwanayo atsale kunyumba. Kwa zaka zitatu palibe anamutengera kumanda, ndipo m'nyumba mwanga dzina la mayi ake silinkatchulidwa poopa kumukumbutsa. Mu Disembala 2024 tinapita awiri ku manda a Granville, kumene anthu amati ku Mbudzi. Anazula udzu pamandapo ndi manja kwa nthawi yaitali osayankhula, kenaka analira mmene sindinamuonepo akulira, ndipo pobwerera anandifunsa mafunso okhudza ubwana wa mayi ake mpaka tinafika ku Mufakose.

Sindinganene kuti zonse zinatha pamenepo. Mu Febuluwale 2025 anakankha mnzake woyang'anira ophunzira amene anamulanda chipewa, ndipo ndinaitanidwanso kusukulu. Kusiyana kwake kunali kwakuti iye anali atalemba kale kuti anafika pa 9, kuti anaona makutu akutentha koma sanafune kutuluka poopa kuoneka wamantha, ndipo anakapepesa asanauzidwe. Mlangizi anali atatichenjeza kuti kubwerera m'mbuyo kotere kumachitika ndipo si chifukwa chosiyira. Anatiuzanso kuti mwana akayamba kuopseza anthu ndi mpeni, kapena kunena zodzipha, imeneyo si nkhani ya kabuku koma yothamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Onse pamodzi tinapita maulendo 18, omwe ndi madola 450, ndipo ndikaphatikiza maulendo awiri olipira pachabe aja, makombi, dzino, kuyeza mkodzo ndi kujambula dzanja, ndalama zonse zinafika pafupifupi madola 800, osawerengera masiku amene shedi yanga inali yotseka. Ndinagulitsa makina anga amodzi osalalitsira matabwa kuti ndikwanitse.

Pa tchuthi cha Ogasiti 2025 ankandithandiza ku Glen View. Kasitomala wina anabwera kudzatenga kabati, anapeza kachipsera pa chitseko, nayamba kumukalipira mnyamatayo pamaso pa amisiri onse, mpaka kumunena kuti ndi chitsiru chosaleredwa. Mphwanga anali ndi hamala m'manja, ndipo ndinaona makutu ake. Anaika hamalayo pa benchi pang'onopang'ono, nati: "Amalume, ndili pa 7," n'kutuluka kupita cha kumsewu. Ndinatsala ndi kasitomalayo ineyo ndili pa 8, mano ali kukutu, ndikuwerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pa 20 uku ndikumuchotsera madola 10 pa mtengo. Mnyamatayo anabwerera patatha pafupifupi theka la ola, anatenga sandipepa, ndipo tinasalaza chitsekocho awiri mwini wake akudikira. Madzulo ake ndinamva loko wa kabokosi kaja akutsegulidwa m'chipinda chake, ndipo ine ndinatenga kope langa n'kukakhala nalo pakhonde.